Chidindo Chimene Mtsinje Unasunga

1. Dzina la Mtovu

Kwathu ku Tamboral, m'mbali mwa mtsinje wa San Juan, anthu akakupatsa dzina loipa umakalamba nalo. Ndikunena izi mtima ukundiwawa, chifukwa inenso ndinali m'gulu la ana amene ankaimba dzina la a Evaristo Copete pa doko. Tinkaimba tikuwomba m'manja, osadziwa n'komwe chimene tinkaimbacho.

Kale a Evaristo ndiwo ankagula golide m'mudzi muno. Amayi akachoka kumtsinje ndi kafumbi kawo m'kabotolo, ankalunjika kwa iwowo. Anali ndi kasikelo ka mbale ziwiri, ndi kabokosi ka miyala isanu ndi umodzi yoyezera. Timati miyala, koma ndi tizitsulo tamkuwa, tina tochepa ngati chikhadabo.

Tsiku lina mnyamata wina, dzina lake Plinio Asprilla, amene ankafunanso kuyamba kugula golide, anaimirira pa doko n'kukuwa kuti a Evaristo anamata mtovu kunsi kwa miyala yawo iwiri yaikulu. Mwala ukalemera kupyola muyeso, mayi amathira golide wambiri kuti sikelo ilingane, koma ndalama amalandira zomwe zija. Anthu atamva anapsa mtima. Anawakhamukira a Evaristo n'kuwalanda kabokosi kaja.

"Tembenuzani miyalayo muone kunsi kwake!" anakuwa a Evaristo. "Ingotembenuzani basi!"

Palibe anatembenuza. Plinio anatsomphola kabokosiko n'kukaponya pakati pa mtsinje, ati kuti kasadzaberenso munthu. Mwakuona kuchenjera kwakeko? Umboni anaumiza, mlandu n'kuusiya kumtunda.

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja anasanduka Evaristo Mtovu. Papita zaka makumi atatu ndi zinayi. Plinio pano ndi a Don Plinio, ali ndi nyumba ya simenti ndi sikelo ya mabatire yolemba manambala. A Evaristo maso anachita khungu. Amakhala kuseri kwa nyumba n'kumasoka maukonde a anthu ndi zala zokha, ndipo pa doko sanapondeponso.

Mdzukulu wawo Nayibe anabadwa nkhaniyi itakalamba kale, komabe dzina lija linamupeza. Kusukulu cholembera chikasowa, ana ankati, "Funsani mdzukulu wa Mtovu." Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu, wanzeru m'kalasi, wolimbikira pa ntchito, koma wa mtima wapachala.

2. Chimene chinatsalira m'bateya

Sabata imeneyo mtsinje unasefukira masiku anayi. Utaphwera unasiya mulu watsopano wa mchenga ndi timiyala kumunsi kwa doko. Loweruka m'mawa amayi onse anathamangira pomwepo ndi mabateya awo, mbale zazikulu zamtengo zimene timasefera golide.

Nayibe ndi mayi ake, a Dilia, anapatsidwa malo a kumapeto ngati mwa nthawi zonse. Mtsikanayo anatapa mchenga, nayamba kuzunguza bateya m'madzi. Mchenga woyera unapita, wakuda unatsala. Pakati pa wakudawo panakhala kanthu kobiriwira, kakakulu ngati chala chachikulu cha kumanja.

"Taya," anatero a Dilia atakayang'ana cham'mbali. "Ndi mtovu wa ukonde umenewo."

"Iii, wapeza m'bale wake!" anakuwa mayi wina chapatali. Amayi onse anaseka chikhakhali.

Nayibe anatsonya. Anakaika kanthuko pa chikhato, ndipo kanakhala bwinobwino osagubuduka. Kunsi kunali kwa phwatalala. Anakamangirira pa ngodya ya mpango wake, nauza mayi ake kuti akupita kwa a Doña Eufrasia.

"Pita," anatero mayi akewo motsitsa mawu. "Koma agogo ako usawauze kanthu usanadziwe. Mtima wawo ndi wokalamba."

3. Pa zenera la a Doña Eufrasia

A Doña Eufrasia ndi mmisiri wa ndolo ndi mphete. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu amuna awo, ndipo anawaposa. Amagwirira ntchito pa zenera loyang'ana kunjira, moti aliyense wodutsa amasuzumirapo. Ndi mayi wolusa, koma sananamepo.

Nayibe atamasula mpango, mayiyo sanakagwire msanga kanthuko. Anayamba atulutsa mbale yodzaza ndi tizitsulo timene anthu akhala akuwabweretsera.

"Mtsinjewu umalavula zambiri," anatero, "ndipo anthu opusa chilichonse amati ndi chuma. Taona. Ichi chili ndi kamphuno kumbuyo kopisapo ulusi. Ndi batani la jekete. Ichi n'chofewa, ukachikanda ndi chikhadabo chimayera, ndipo chili ndi bowo. Umenewo ndiye mtovu wa ukonde. Ichi n'chopyapyala, chili ndi mutu wa munthu. Ndi ndalama yakale, ngakhale mwana angadziwe. Koma mwala wa sikelo ulibe bowo, ulibe mphuno. Umakhala pansi osagwedezeka, chifukwa anaupangira kukhala m'mbale. Ndipo umanena wokha kulemera kwake. Tabweretsa."

Anavala galasi lawo lokulitsa zinthu pa diso limodzi, nakaviika kanthu kaja m'madzi, nakayang'ana pamwamba nthawi yaitali.

"Madontho asanu," anatero. "Ndiye kuti makasiteyano asanu, pa muyeso wathu wa golide. Pambali pali chilembo cha C, choyamba cha dzina la Copete." Anavula galasi lija n'kumuyang'ana Nayibe. "Mwanangu, uwu ndi mwala wa agogo ako. Chilembochi anakhoma ndi apongozi anga, ndikulidziwa dzanja lawo."

Nthawi imeneyi n'kuti pa zenera patadzaza mitu ya anthu. Nkhani kwathu kuno imayenda kuposa bwato la injini.

"Ndiye tembenuzani, a Doña!" anatero Nayibe.

Anatembenuza. Kunsi kunali matope ouma osakanikirana ndi dzimbiri lobiriwira.

"Tamvera," anatero mayiyo. "Kale mwala usanayambe ntchito unkapita kwa woyesa miyala. Iye akaupeza kuti ndi woona, ankaukhoma chidindo kunsi. Mtovu samata ndi malovu, amamata ndi moto. Ukamata, chidindo chimakwiririka, ndipo ngakhale mtovuwo utachoka pamatsala bala lotuwa. Choncho chidindo chikapezeka chili chonse, chopanda bala, ndiye kuti mudzi uno unanamizira munthu."

Anavalanso galasi. "Pa ngodya apa ndikuona timano titatu, ngati nsonga za chisoti chachifumu. Kwinako kwabisika."

"Uikeni pa sikelo!" anakuwa mwamuna wina pa zenera.

A Doña Eufrasia sanafune, koma anthu anaumirira. Anaika mwala uja m'mbale imodzi ya sikelo yawo, ndi mwala wawo wa makasiteyano asanu m'mbale inayo. Mbale ya a Evaristo inatsika. Anaonjezera tinjere toyezera mbali inayo mpaka sikelo inalingana.

"Walemera ndi njere zitatu," anatero.

"Ehee!" anatero anthu pa zenera. 

"Ehee chiyani?" anakalipa mayiyo. "Inuyo mutagona m'matope zaka makumi atatu simungalemere? Ndi litsiro limeneli! Tachokani apa, mukundiphimbira kuwala."

Palibe anachoka. A Doña Eufrasia anatenga kabotolo kapakamwa papakulu, nathiramo madzi a mvula, naponyamo mwala uja. Anatseka, nayatsa kandulo, nadonthezera phula kuzungulira chivindikiro chonse anthu akuona. Kenako anadinda phulalo ndi mphete yawo.

"Sindiusunga ine," anatero, "angadzati ndaukonza. Ndi katundu wa agogo ako, pita nawo. Koma khala pansi kaye, mwana wa Dilia, undimvere ndi makutu onse awiri.

"Ndimakudziwani akazi a mudzi uno, pakuti inenso ndine mmodzi wa inu. Chinthu chikada, manja anu amayabwa. Mapoto mumawakwecha ndi mchenga ndi mandimu mpaka kubooka pansi, kenako mumawapachika pakhonde kuti odutsa adziwe kuti muno muli mkazi. Chinthu chakuda simupita nacho pa anthu. N'zabwino, koma zimenezo n'za mapoto.

"Chitsulo chimene chagona m'madzi zaka zambiri sichikhalanso cholimba kunja kwake. Chobiriwira ukuchionachi si litsiro lokha ayi. Ndi khungu lake, ndipo zolemba zake zili m'khungumo. Ukachotsa khungu, wachotsa zolemba, ndipo palibe mmisiri pa dziko lino amene angazibwezere. Chaka chatha mwamuna wina anatola ndalama yasiliva yakale kwambiri. Anaikwecha tsiku lonse kuti ndidzaione ikuwala. Anandibweretsera kachitsulo kopanda nkhope, kopanda chaka, kongoyenera kusungunula. Analira pomwe wakhala iwepo.

"Ndiye usaukhudze ndi ndimu. Usaukhudze ndi phulusa, kapena mchenga, kapena singano. Ukhale m'madzimo masiku asanu ndi atatu kuti matope afewe. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndidzaswa phulali ndekha pa doko, ndipo ndidzachotsa matopewo ndi munga, pang'onopang'ono, mudzi wonse ukuona. Agogo ako adikira zaka makumi atatu ndi zinayi. Iwe sungadikire masiku asanu ndi atatu?"

"Ndingadikire, a Doña."

"Tiona," anatero mayiyo.

4. Pa sitolo ya a Don Plinio

Njira yopita kwa Nayibe imadutsa pa sitolo ya a Don Plinio. Anawapeza atakhala pakhonde, mimba patsogolo, amuna ena akumwa mowa pambali pawo. Anali atatsinidwa kale khutu.

"Mdzukulu wa mnzanga!" anamuitana. "Tabwera tione chuma chako."

Nayibe anaima patali, botolo atalikumbatira.

"Ine ndimakonda zinthu zakale," anatero. "Ndikupatsa mapeso okwanira nsapato za kusukulu ndi mabuku a chaka chonse. Ungondisiyira kabotoloko."

"Kuti mukakaponyenso mumtsinje?"

Amuna aja anasiya kumwa. Ine ndinali m'sitolomo ndikugula mchere, ndipo kunena zoona mtima wanga unavina. Mwana anayankha bwino pamenepo. Akanangoyankha zokhazo n'kumapita!

A Don Plinio anaseka mosakondwa. "Pakamwa ngati agogo ake. Chabwino. Ndamva kuti walemera ndi njere zitatu. Kodi ndinanama? Sikelo ya a Eufrasia omwe yanena. Tsono masiku asanu ndi atatuwo ndi a chiyani? Ndi oti mtovu usungunuke m'madzi a mvulawo?"

Amuna anaseka.

"Mulibe mtovu!" anakuwa Nayibe.

"Ngati mulibe, ukubisiranji? Chinthu choyera sichidikira sabata. Bwera nacho mawa pa doko tikatuluka m'tchalitchi. Koma ndikudziwa subwera. A kwa Mtovu amakonda kuseri kwa nyumba."

Munthu ameneyu ankadziwa chimene ankachita. Ankawadziwa manja a akazi a kwathu, ankaudziwanso mtima wa mwanayo. Nayibe maso anafiira kuti psuu.

"Mawa lomwelo!" anatero. "Mawa mudzauona, ndipo mudzachita manyazi!"

"Mwamva nonse," anatero a Don Plinio, natukula botolo lawo.

5. Mchenga ndi ndimu

Atafika kunyumba, Nayibe analunjika kuseri. A Evaristo anali pa mpando wawo, ukonde uli pa miyendo. Anawagwiritsa botolo lija n'kuwauza za madontho asanu ndi chilembo cha C. Za njere zitatu sananene. Za masiku asanu ndi atatu sananenenso. Anangoti anthu adzauona mawa pa doko.

Mkuluyo anasisita botololo ndi zala.

"Kunsi kuli chisoti cha nsonga zisanu," anatero pang'onopang'ono, "ndi mizere iwiri yozungulira. Ndinkachikhudza ndi chala m'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito. Ndingachidziwe ngakhale ndili m'tulo." Anakweza mawu. "Dilia! Kodi shati yanga yoyera ija ilipo? Uisite. Mawa nditsikira pa doko."

A Dilia anatuluka m'khitchini atagwira chipande, nangoima kukamwa kuli yasa.

Masana, aliyense atagona chifukwa cha kutentha, Nayibe anatenga mapoto kupita nawo kumtsinje kuseri kwa nyumba. Botolo analiika m'poto wamkulu. Anakhala pa mwala wotsukirapo, nalitulutsa, naliyang'ana pa dzuwa. Mwala uja unali momwemo, wakuda, wobiriwira, wonyansa. Mawa anthu akanaona matope okhaokha, sikelo ikanatsikanso, ndipo agogo ake akanaimirira pamenepo atavala shati yoyera.

"Ndingochotsa matope okha," anadziuza. "Chisoticho chioneke basi."

Anaswa phula ndi chikhadabo.

Anayamba ndi chala. Matope sanachoke. Anafinyirapo ndimu, ndipo madzi obiriwira anayenderera pa chikhato chake. Anakondwa. Pa ngodya paja timano titatu tinaoneka bwino, ndipo kachinayi kanayamba kutuluka. Anafinyiraponso ndimu wina. Pakati panali pouma, ndiye anatapa kamchenga pang'ono.

Abale inu, manja amene akwecha mapoto kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi safunsa mutu. Anakwecha, natsukuluza, nayang'ana. Timano tinatsala tiwiri. Anaganiza kuti litsiro latiphimba, nakwechanso mwamphamvu. Kenako anaukhuza pa mwala wotsukirapo kuti pouma paja pachoke.

Atatsukuluza komaliza, mkuwa unali kuwala kuti ng'aning'ani. Pamwamba madontho asanu ankaonekabe pang'ono. Kunsi kunali kosalala, kokhala ndi timikwingwirima ta mchenga. Chisoti panalibe. Mizere yozungulira panalibe.

Anautembenuza uku ndi uku pa dzuwa. Anaunyowetsa ndi malovu, naupukuta ndi siketi. Anakhala pamenepo mpaka nyerere zinadzaza pa makoko a mandimu. Pomaliza anaubwezera m'botolo, nalikulunga ndi mpango, ndipo sanauze munthu.

6. Pa doko

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi sanapite kwawo. Onse anatsikira pa doko. A Don Plinio anabweretsa tebulo ndi sikelo yawo ya manambala. A Doña Eufrasia anabwera atanyamula yawo ya mbale ziwiri, nkhope itakwinyika, chifukwa zoti Nayibe analonjeza kuonetsa mwalawo tsikulo anazimva kwa anthu.

"Sitiswa phula lero," anatero asanakhale n'komwe. "Ndinati masiku asanu ndi atatu. Amene akufulumira akadziponye mumtsinje."

Pomwepo anthu anapatuka. A Evaristo ankatsika masitepe a doko atavala shati yoyera, dzanja lili pa phewa la mdzukulu wawo. Ankaponda mosamala, mutu uli chilili. Ana ena sankawadziwa n'komwe, ankafunsa amayi awo kuti mkuluyu ndani. Ine ndinagwetsa nkhope.

"Ndabwera, Plinio," anatero. "Ndinakupempha kuti utembenuze. Lero utembenuza."

"Ndi mtima wonse, achimwene. Mwana, bweretsa."

Nayibe anaika mpango pa tebulo, koma sanaumasule. A Doña Eufrasia anaumasula okha. Anaona phula losweka. Anaona chinthu chowala m'madzimo. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwana iwe," anatero. "Wachita chiyani?"

A Don Plinio anapisa zala m'botolo, natulutsa mwala uja, nautukula m'mwamba. "Taonani kukongola kwake! Dzulo unali wobiriwira, lero ukuwala. Ndiye titembenuze, si choncho?" Anatembenuza, nayenda nawo kuonetsa anthu mmodzimmodzi. "Mukuona chiyani? Mikwingwirima. Apa pakwechedwa. Munthu amakwecha pamene pali chobisa."

Anauika pa sikelo yawo, nauza a Doña Eufrasia kuti auikenso pa yawo. Masikelo onse awiri ananena chimodzi. Mwala uja tsopano unali wopepuka ndi njere ziwiri.

"Dzulo wolemera ndi zitatu, lero wopepuka ndi ziwiri," anatero a Don Plinio. "Njere zisanu zapita kuti? Ana a sukulu, tawerengerani. Ndi mtovu umene uja, waupala mdzukulu!"

"Bodza!" anakuwa Nayibe. "Panalibe mtovu! Panali chisoti, ndinachiona ndi maso anga! Timano tinayi!"

"Chili kuti?"

"Inenso ndinachiona," anatero a Doña Eufrasia ataimirira. "Ndinaona nsonga zitatu dzulo, ndipo ndinanena anthu akumva. Plinio, iwe ukudziwa kuti chimene chachoka apa ndi dzimbiri ndi mkuwa. Unamuputa dala mwanayu."

"Munaona ndi kagalasi kanu, nokhanokha. Ife tione ndi chiyani?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi uja amene anaseka ku mabateya anati, "Magazi sanama. Agogo anamata, mdzukulu wapala." Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mudzi wathu uwu! Kawiri konse unaweruza munthu pa doko lomwelo, ndipo kawiri konse unachita changu.  Ndinayenera kulankhula, koma sindinalankhule.

A Doña Eufrasia anatembenukira kwa Nayibe, ndipo sanamunyengerere.

"Ndinakuuza dzulo, ndipo ndikuuzanso pamaso pa anthu kuti ana ena amve. Mwala uja unali ndi mawu ake, unkangofuna nthawi kuti ulankhule. Iwe unaona kuti choonadi n'chakuda, n'chochedwa, ndiye unafuna kuchithandiza. Amene anakuputa ankadziwa kuti yekha sangaukhudze mwalawo, pakuti unali m'phula. Anabwereka manja ako. Munthu akakufulumizitsa pa chinthu chofuna kudekha, uziyamba wafunsa kuti changucho chipindulira ndani. Unakana ndalama zake, unachita bwino. Koma chimene ankafuna kugula wamupatsa chaulere."

Nayibe analira mokweza, ngati kamwana.

"Ndipatseni," anatero a Evaristo.

Phokoso linatha. A Don Plinio anazengereza, kenako anauika pa chikhato cha mkuluyo. A Evaristo anaugwira ndi zala zitatu monga ankachitira kale. Anayendetsa chala pamwamba, milomo ikuwerenga madontho. Anapeza chilembo cha C, namwetulira pang'ono. Kenako anautembenuza.

Chala chinayenda kunsi kamodzi. Chinayendanso kachiwiri, pang'onopang'ono, mpaka m'mphepete monse. Kumwetulira kuja kunatha.

"Agogo, pepani," anatero Nayibe atagwada pa matabwa a doko. "Ndimafuna anthu achione msanga. Ndimafuna musachite manyazi."

Mkuluyo anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mutu wake, naliika pamenepo.

"Mtsinje unali utandisungira, mdzukulu wanga," anatero. "Unandisungira bwinobwino."

 Anaika mwala uja m'thumba la shati, napempha kuti awaperekeze kunyumba.

Anayamba kukwera masitepe, Nayibe atawagwira mkono. Anthu ankapatuka osawayang'ana. Ali pakati pa masitepe, a Doña Eufrasia anawapeza, namukoka mtsikanayo khutu n'kumunong'oneza mwaukali.

"Pukuta misozi, ilibe ntchito. Plinio ananena miyala iwiri, wa makasiteyano asanu ndi wa khumi. Wa asanu waupha. Wa khumi ndi wolemera, sungapite patali ndi pamene unatola mnzakewo. Ukadali m'mchengamo ndi chisoti chake."

Nayibe anacheuka kuyang'ana kumunsi kwa doko. Tsiku la Mulungu kwathu kuno munthu sagwira bateya, ndipo pa mulu wa mchenga paja panayenera kukhala popanda munthu. Koma panali bwato la a Don Plinio. Anyamata awo awiri ankatsitsa injini yopopera mchenga, wachitatu akukoka paipi yake kulunjika kumapeto, pamalo pomwe Nayibe ndi mayi ake anaima dzulo.

Injini inatsokomola kawiri, kenako inayamba kulira.

A Evaristo anaima, napendeketsa mutu.

"Nayibe," anatero, "n'chiyani chikulira kumtsinjeko lero Lamulungu?"